Kamlomo ka Taonga kanasowa mwini

Loweruka lapitali apongozi anga anabwera kuchokera ku Katete kudzaona mdzukulu wawo koyamba. M'nyumba mwathu ku Chawama munadzaza: alamu anga, azakhali a amuna anga, ndi anansi aja sadikira kuitanidwa.

Mwambo mukuudziwa. Khanda limayenda m'manja m'manja, aliyense akutolapo chakwawo. "Mphumi ni ya atate ake." "Makutu aya ni a malemu ambuye." Mpaka mwana yense atagawidwa.

Apongozi anamuyang'anitsitsa Taonga, kenako anayang'ana ine.

"Nanga kamlomo kopyapyala aka ni ka ndani? Kwathu kulibe. Amake nawonso mlomo wawo ni uwo, wodzaza bwino."

"Kapena ni ka ba landilodi," anatero mlamu wanga.

Onse anafa nacho chiseko. Amuna anga okha sanaseke.

Abale anga, kamlomoko ndi kanga. Ndinabadwa nako.

Ku koleji anzanga ankandinena kuti ndikamwetulira mlomo wam'mwamba umathawa. Nditayamba ntchito, mnzanga wina ananditengera kuseri kwa saluni ina ku Matero, kumene mayi wina amabaya jekeseni wofufumitsa milomo ndi masaya, uja timati mafila. Koyamba anaika pang'ono, ndipo ndinkaonekabe ine ndemwe. Ndikanalekera pomwepo. Koma diso silichedwa kuzolowera. Kukamveka kicheni pate, ine ulendo: "Ba sisita, onjezaniko chabe pang'ono." Mayiyo sanandikanizepo. Anati zimasungunuka zokha, koma zanga zinakhazikika, ndipo mkati muli kachotupa kolimba kamene ndimakamva ndi lilime.

Amuna anga anandipeza nditasintha kale. Sindinawauze. Mwamuna wokufunsira ungamuyambe bwanji nkhani yotere?

Alendo atatuluka, amuna anga anandipeza ndikuchapa matewera.

"Amake Taonga, niuzeni chabe."

Ndinadziwa chimene anali kufunsa: ngati mwanayo ndi wawodi. Ndinafotokoza zonse. Anamvetsera, n'kungoti "Oho." Ndinaona kuti akufuna kukhulupirira, koma nkhope imene anali kuyang'ana inkanditsutsa.

Kodi ndili ndekha? Tayang'anani zithunzi za m'maphwando athu masiku ano. Wa ku Kanyama, wa ku George, wa ku Kalingalinga, onse mlomo umodzi, masaya amodzi, ngati obadwa m'mimba imodzi. Sindikuti kudzikonza ndi tchimo, ayi. Koma wokubayani amene satha kukuuzani kuti "apa pakwana" muthaweni. Dokotala amene ndinakamuona sabata ino za kachotupako anandifunsa dzina la mankhwala amene ali m'milomo yanga. Sindikulidziwa. Ine, wa satifiketi yanga! Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Lamulungu ndinaitanitsa akulu anga a ku Mtendere, amene sanabayitsepo kanthu. Atangolowa n'kumwetulira popereka moni, apongozi anaomba m'manja.

"Aa! Kansi ni ka kwanu!"

Amuna anga anapumira m'mwamba, n'kumunyamula mwana. Koma apongozi anali asanamalize.

"Nanga imwe amake mwana, kanu munakaika kuti?"

Ndinangowerama.

Ukwati wapulumuka, chifukwa m'banja mwathu munatsala mmodzi wosunga nkhope ya amayi. Chimene chikundidya tsopano ndi china. Taonga adzakula, ndipo kusukulu wina adzamuseka monga anandisekera ine. Adzabwera akulira. Kodi ndidzamuuza kuti ndi wokongola momwe alilimo ndi mlomo uti?