Beseni la pamaliro a azakhali

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene azakhali anga anamwalira kwathu kufupi ndi Milonde. Inali nyengo ya mvula, njira zonse zili matope ofiira okhaokha. Anatsekula m'mimba masiku awiri okha, ndipo tonse tinkangoti adya zosayenera.

Pamaliropo ntchito yanga inali yosambitsa anthu m'manja asanadye. Ndinanyamula beseni la madzi n'kumagwada pamaso pa aliyense, monga amayi anandiphunzitsira. Amene anasambitsa thupi anasambamo, adzukulu anasambamo, ndipo bambo anga anali omaliza. Madzi anali atada, koma kumjigo kunali kutali. Bambo anandisisita kumutu nati, "Mwana waulemu uyu."

Patapita masiku atatu, bambo sanapite kukatchola tiyi. Maso anawalowa, mawu anawathera. Malume anawakweza panjinga kupita nawo kuchipatala, koma anafika mochedwa. Kumeneko ndi kumene tinamva kuti ndi kolera.

Tsiku loika maliro a bambo kunabwera adokotala, mayi wamfupi wovala majombo, pamodzi ndi mlangizi wa zaumoyo. Anakhala pamphasa ndi amayi, anapepesa, kenako anayamba kufunsa: madzi timatunga kuti, ndani wina akudwala, pamaliro a azakhali anthu anasamba bwanji m'manja. Amayi atatchula beseni, adokotala anasiya kulemba.

Adokotala atapempha kuti thupi la bambo lisasambitsidwe, malume anakwiya. "Mlamu wanga apite osasamba ngati galu? Kwanu mumatero, mayi?"

"Kwathu sititero, bambo," anayankha motsitsa mawu. "Koma sindikufuna kuti sabata yamawa ndidzabwere pamaliro anu."

Ine ndinathawira kuseri kwa nkhokwe. Adokotala anandipeza komweko ndikulira.

"Ndine ndinanyamula beseni lija," ndinawauza. "Kodi ndine ndawapha bambo?"

Ananjuta mpaka maso athu analingana. "Dzina lako ndani?"

"Esinati."

"Esinati, nanenso ndinkanyamula beseni lotero ndili ngati iwe. Palibe anakuuza. Amene ndimayenera kudzakuuzani ndine, ndipo ndachedwa."

Anandipatsa kapu ndi ndowa ya madzi othira mankhwala a klorini, nandionetsa kuthirira munthu m'manja kuti madziwo azigwera pansi. Nditafika pa malume, anayang'ana kumbali kanthawi, kenako anatambasula manja. Anthu enanso anadwala sabata imeneyo, koma mlangizi uja ankayenda khomo ndi khomo, ndipo m'mudzi mwathu sitinaikenso maliro ena.

Tsopano ndili Fomu 3, ndipo ndikulimbikira sayansi kuti ndidzakhale dokotala woyenda m'midzi. Chisoni cha bambo sichinathe, ndipo masiku ena ndimadzifunsabe funso lomwe lija. Koma ndazindikira kuti ntchito imeneyi siithokozedwa kawirikawiri, chifukwa amene yawapulumutsa sadziwa n'komwe kuti akanadwala. Mpaka lero malume akamawatchula adokotala aja amati, "mayi amene anatiletsa kusambitsa mlamu." Amanena zimenezi akusewera ndi zidzukulu zawo pakhonde, ndipo ine sindiwatsutsa.