Kalata Imene Inapita ndi Pemphero Kumbuyo

Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu, amene wandisunga pa ntchito ya boma zaka zonsezi ngakhale mutu wanga uli woiwalaiwala.

Ndinali mlembi pa ofesi ina m'tauni ya Blantyre chaka chimene ku likulu analamula kuti ndalama zoyendetsera maofesi zisakwerenso. Kulemba antchito atsopano kunaima, misonkhano ya m'mahotela inatha, tiyi wa teni koloko anapita ndi shuga wake yemwe. Mapepala tinkalandira paketi imodzi pa mwezi. Abwana athu analamula kuti pepala lililonse ligwire ntchito mbali zonse ziwiri, ndipo pafupi ndi makina osindikizira tinaikapo katoni ya mapepala akale oyera kumbuyo.

Ife tinkadandaula za tiyi, koma amene zinawagwera zenizeni anali amayi otisesera mu ofesi, amasiye a ku Chilobwe olera zidzukulu zitatu. Anali aganyu, ndipo kunamveka kuti aganyu onse achotsedwa. Abwana anandiuza kuti ndikonze kalata yopita kwa bwana wamkulu ku likulu, yowapemphera amayiwo kuti akhale.

Nthawi ya nkhomaliro ochepa tinkakumana m'chipinda cha mafayilo kupemphera, ndipo ine ndinkataipa mitu ya mapemphero. Sabata imeneyo mutu wachitatu unali wakuti: tipempherere bwana wamkulu wa ku likulu, Ambuye aphwanye mtima wake wouma ngati wa mfumu ija ya ku Iguputo. Titati amen, pepalalo ndinaponya m'katoni monga mwa lamulo. M'mawa mwake ndinatola pepala lapamwamba, ndinasindikiza kalata ija, abwana anasaina, inapita.

Lachinayi ndinafuna mitu yathu kuti tipitirize. Ndinakhuthula katoni yonse pansi, osaipeza. Apo ndinazindikira kuti yapita kumbuyo kwa kalata ija. Amayi aja anandipeza nditagwada pakati pa mapepala, ndipo ndinawaulula zonse.

Anatsamira tsache lawo. "Ndiye mwawauza abwana aakuluwo kuti ndi ouma mtima?"

"Sindinalembere iwo, mayi. Ndinalembera Mulungu."

"Nanga bwanji mwatumiza ku Lilongwe? Anasamukira kumeneko?"

"Mundikhululukire."

"Ayi, mwana wanga, mwathandiza. Ndiyambe kufunsa mtengo wa tomato ku Limbe."

Anaseka, koma tsiku limenelo anasesa malo amodzi kawiri. Ine ndinasala kudya masiku atatu, chimene sichinavute kwenikweni popeza tiyi kunalibe. Abwana athu sindinawauze. Tchimo limenelo ndinalapa pambuyo pake.

Patatha masabata atatu yankho linafika, nalonso losindikizidwa kumbuyo kwa fomu yakale ya tchuthi. Linati amayiwo apitirize ntchito, chifukwa malo awo si atsopano ndipo sakuwonjezera kanthu pa zimene boma limawononga kale. Pansi pa siginecha panali mawu a bolopeni: "Mutu wachitatu ndauona. Musaufufute. Muwonjezepo bondo langa lakumanzere."

Abwana athu anawerenga kawiri. "Bondo lanji limeneli?"

Amayi aja ndiwo anayankha ali pakhomo: "Zimenezo n'za kuchipinda cha mafayilo, bwana. Muzibwera."

Bondo limenelo tinalipempherera chaka chathunthu, ndipo amayiwo ndiwo ankatsogolera. Tiyi sanabwerere mpaka lero.

Inu amene mwawerenga izi, Ambuye amene amaona mbali zonse ziwiri za pepala akusungireni ntchito ya manja anu, adyetse ana a m'nyumba zanu, ndipo zolakwa zanu azitembenuze zikhale zabwino. Amen.