Tsiku limene amayi anatipempherera misala

Fungo la parafini ndi la nsalu yotentha ndi simbi limandibwezabe ku Makause, dera la nyumba za malata kumene tinkakhala m'dziko la eni, m'nyengo yozizira imene ndinkasewera mpira wamanja. Loweruka lililonse m'mawa amayi ankasita mayunifolomu a timu yathu, Baibulo lili chitsegulire pamwamba pa chigubu cha madzi. Ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Benoni, koma ku timu ya tchalitchi chathu anali ndi udindo wotiuza mawu a Mulungu tisanalowe m'bwalo. Ankayeserera mawuwo mokweza, kulalikira simbi ndi malata, mpaka aneba ankayankha "Ameni" kuseri kwa khoma.

Timu yathu inali ndi nthenda. Ife ana a Chimalawi tinkaponyerana tokhatokha, anzathu a Chizulu nawonso okhaokha, ngati kuti mpira uli ndi mtundu. Mphunzitsi wathu, Sisi Nomsa, anatopa nafe. Ananena kuti tikakangananso pa masewero a ku Primrose, timu ithera pomwepo. Ine mtima unali m'mwamba, chifukwa mpirawo ndinkaukonda kuposa chakudya.

Sabata imeneyo amayi anakonza mawu onena za thupi limodzi la ziwalo zambiri, ndipo analengeza kuti adzapemphera m'Chizulu. Ndinawachonderera kuti asatero. Chizulu chawo chinkandichititsa manyazi.

Tsikulo tinaima mozungulira, fumbi la mulu wa kumgodi likutilowa m'mano, zala zitauma ndi chisanu. Amayi anatsinzina. "Nkosi," anatero, "sicela ukuphambana." Kwathu kupambana n'kuwina, koma m'Chizulu amayi anali atapempha Ambuye kuti tizungulire mitu. Zinhle, yemwe ankandimana mpira nyengo yonse, anayamba kugwedera mapewa, kenaka anaphulika, ndipo tonse tinafa nako kuseka. Sisi Nomsa anabisa nkhope m'chipewa. Ine ndinasowa pobisala, koma Zinhle anandikoleka mkono m'khosi. "Mayi ako atipempherera misala, tiye tikapenge," anatero m'Chizulu. Mpira wake woyamba anaponyera ine.

Zigoli ndinaziiwala, koma timu sinathe. Madzulo ndinawaphunzitsa amayi mawu oyenera, mwamatama ndithu, iwo akungovomera ndi mutu uku akupinda mayunifolomu.

Nditakula m'pamene ndinakumbukira kuti amayi omwewo, kalekale, ankakonda kufunsa oyendetsa matakisi othamanga kuti, "Uphambene?" kutanthauza kuti, "Wapenga?" Mawuwo ankawadziwa bwino. Ndili mwana ndinkaganiza kuti Mulungu anawakonzera amayi cholakwa chawo. Lero ndimaona kuti cholakwacho amayi anachikonza okha mwadala pambali pa simbi ija, n'kulolera kusekedwa kuti ife tisekere pamodzi.