Mkamwini wa Malumo

A Eliya Kamwendo ali ndi malumo 23, koma ndevu zawo ngakhale mutazisonkhanitsa za chaka chonse sizingadzaze chikhatho. Anthu a kwa Kabudula amene amawadziwa amayambira pamenepo kuseka. Anzawo amaweta mbuzi, ena nkhunda, iwo amaweta zometera, m'sutikesi yamalata, chilichonse chokulungidwa m'kansalu kake konunkhira mafuta a makina osokera.

Chaka chatha, chimanga chili pakati pokhwima, akazi awo a Faness anamwalira. Tsono a Eliya pamudzi paja anabwera ndi ukamwini mu 1981. Nyumba anamanga ndi manja awo, mabulugama anadzala okha, koma dothi lonselo ndi la mbumba ya akazi awo, ndipo ana awiri amene anabereka anagona kumanda akadali makanda. Panatsala m'meto wachiwiri, umene umachitika anthu akakolola. Tsikulo akuchikazi amameta wamasiye mpala, kenaka n'kumusudzula, kumuuza kuti ukwati watha, akhoza kubwerera kwawo. A Eliya anali ndi zaka 69, ndipo sankadziwa kuti kwawoko n'kuti.

Matenda a malumowa anayamba kale. Loyamba anawapatsa ndi malume awo pobwera kuchokera ku Joni: lopinda, chigwiriro cha nyanga, lolemera bwino m'manja. Nthawiyo n'kuti pachibwano palibe ndi katsitsi komwe. Anaphunzira kulinola pamwala ndi kulisalaza pa lamba wachikopa asanakhale ndi chometa, moti aphwawo onse anayenda ndi mipala chaka chimenecho, ofuna ndi osafuna omwe.

Enawo anabwera limodzilimodzi. Tsiku la msika ku Nsaru, mukawafuna musakawayang'ane kwa ogulitsa tomato ayi. Muwapeza atanjuta pa anthu oyala zitsulo zakale, akuvundukula maloko ndi matcheni a njinga. Kumeneko anatolako timakina tometera tachitsulo, tija timati ukapotokola kunsi timatsegula kukamwa n'kulandira lezala. Ali natonso tina ta mano ngati chipeso, timene amati timakhululukira munthu wophunzira. Lumo lina lopinda anasinthanitsa ndi tambala, ndipo a Faness anakhala masiku awiri akuwayankha ndi mutu wokha.

Chimene chimawasangalatsa si kukhala nawo chabe. Amafuna kudziwa mwini wake anali ndani. Amalitembenuza padzuwa n'kunena kuti, "Uyu anali wamanzere, taonani mmene linathera mbali iyi. Komanso anali wopupuluma, ankanola ngati akunola khasu." Wogulitsa amangoti kukamwa yasa, iye akudziwa zoti anachitola m'nyumba yogumuka basi.

Pamudzi ntchito yawo inadziwika pa maliro. Kukakhala m'meto, anamfedwa ankandanda pakhonde, a Eliya n'kumameta mmodzimmodzi mosacheka ngakhale kachiphuphu. Itafika nthawi imene azaumoyo anayamba kulalikira kuti aliyense lezala lake, anthu anaganiza kuti mkuluyu wagwa nayo. Iwo anangobwera ndi sutikesi yonse ndi mphika, n'kuwiritsa malumo onse anthu akuona, mutu uliwonse lumo lakelake. Tsiku limenelo a Faness anavomera pamaso pa anthu kuti tambala uja sanapite pachabe.

Munthu mmodzi yekha sanakhalepo pampando wa a Eliya: alamu awo a Yonasi, achimwene a malemu, amenenso ndi eni mbumba. Nkhalamba yamakani ngati imeneyo simunaione. Amameta ndevu ndi lezala lopanda chogwirira, atalipana ndi zala, n'kumayenda ndi timabala tomata mapepala. Zaka zonsezi akauzidwa kuti abwere amametedwe bwino, yankho linali lomwelo: "Alamu, mchemwali wanga ndinakupatsani, koma khosi langa ayi." Ndipo a Yonasi omwewo ndiwo anayenera kumeta a Eliya ndi kunena mawu osudzula.

Kutatsala milungu iwiri, a Eliya anapalasa njinga kupita cha ku Nambuma kumene anabadwira, kukaona malo. Pamene panali nyumba ya mayi awo anapeza chigafa cha fodya. Adzukulu a achemwali awo anawalandira bwino kwambiri. Anawayalira mphasa yatsopano, anawaphera nkhuku, n'kumawatchula kuti agogo a kwa Kabudula. Nkhukuyo inawawawa mtima kuposa kutukwanidwa, chifukwa nkhuku amaphera mlendo. Pobwerera anakankha njinga mtunda wautali popanda chifukwa.

Kumudzi kwa akazi awo kuja nkhani ya munda inali itamveka kale. A Dailesi, ang'ono awo a malemu, mwana wawo Stella anali atabwerako ku tauni ndi ana anayi, wopanda polima. Munda wa a Faness unali pomwepo. Palibe amene ananena choipa, ndipo a Eliya sanaone cholakwa. Anangomanga katundu wawo, sutikesi ija n'kuizunguliza chingwe cha linya.

Tsikulo linafika Loweruka la mu Julaye, kukuzizira. Poti ndi banja la mpingo, mowa kunalibe, amayi anaphika thobwa. Mkulu wa mpingo anapemphera, anthu anakhala pansi pa mabulugama, a Eliya pa kampando pakati. A Yonasi anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa lezala la pa golosale, likadali m'pepala lake.

Chisoni chinali chisoni, koma apa a Eliya zinawakanika.

"Alamu, zaka makumi anayi ndameta mudzi uno, ine mundimete ndi kameneko?"

"Kodi kali ndi vuto lanji? Ndi katsopano."

"Kali ndi vuto la inu ogwira."

A Eliya ananyamuka, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi sutikesi. A Yonasi anayang'ana chingwe chija nthawi yaitali a Eliya akulimbana ndi mfundo zake. Itatsegulidwa, a Eliya anawapatsa kamakina ka mano, kaja kokhululukira ophunzira. A Yonasi anakakankhira kumbali, n'kutola lumo lakuda, lopanda chigwiriro, lotambalala kumapeto.

"Ili linali la yani?"

"Limenelo n'losula konkuno. Ndinalipeza kwa mayi wina wa ku Mpingu, akuti agogo ake ankametera atsikana ku chinamwali. Onani pogwira pang'ambika pang'ono, ndiye kuti..."

"Basi, basi. Ndafunsa dzina, sindinapemphe ulaliki."

Anatenthetsa madzi, a Eliya anadzipaka okha thovu la sopo, n'kukhala pansi. Anayamba kulangiza ali chitsinzinire. Kokani khungu ndi chala chachikulu. Ligonekeni lumolo, musaliimike. Tsatani kumene tsitsi lagonera. A Yonasi ankang'ung'udza, koma ankamvera.

Kenaka a Eliya anazindikira kuti chikhalire dzanja la munthu wina linali lisanayendetsepo lumo pamutu pawo; ngakhale pa m'meto woyamba anadzimeta okha. Zinawadabwitsa. Kani anamfedwa aja ankamva chonchi? Lumo limamveka m'kati mwa mutu, osati kunja, kwee, kwee, ndipo pamene ladutsa pamalowa mphepo. Dzanja la a Yonasi linali lolemera, lonunkha fodya, koma losamala kuposa mmene ankaganizira. Anatsata ulendo wake wonse: pamphumi, paliwombo, kumanja, kunkhongo. Ankadziwa kuti likafika kukhutu la kumanzere ndiye kuti zatha, mawu anenedwa, iwo ndi mlendo. Mantha anawagwira ngati mwana.

Lumo linafika kuseri kwa khutulo, linazungulira, n'kuchoka.

"Basi," anatero a Yonasi, akulipukuta pa thalauza.

A Eliya anapapasa mutu. Ponse panali see, koma kuseri kwa khutu kunatsala chitsumba cha imvi, kukula kwake ngati bokosi la machesi.

"Mwasiya apa, alamu."

"Ndikuona. Maso ndili nawo."

A Dailesi anasuntha pamphasa. "Achimwene, tamalizani tinene mawu, thobwa likudikira."

"Dzanja latopa," anatero a Yonasi. "Ndiye munthu mutu wosatha kumeta ndimusudzule bwanji? Kodi munaonapo zimenezo? Tidzamaliza."

"Liti?"

"Dzanja likadzachira. Stella alime kumunsi kwa mundawo, chakudambo, n'kokwanira. Kumtundaku kuli mwini wake, sitinathane naye."

Mkulu wa mpingo anayamba kufunafuna china chake m'Baibulo. Amayi ena anabisa kukamwa m'zitenje. A Dailesi anayang'ana achimwene awo, anayang'ana mutu uja, n'kupukusa wawo, koma sanatsutse.

A Yonasi anaika lumo m'dzanja la a Eliya, n'kuwerama ngati akutola chipewa. Analankhula motsitsa, kuti amve awiriwo.

"Lumo ndi lanu, mutu ndi wanu. Ngati mtima uli ku Nambuma, malizani nokha, mawuwo ndinena pompano. Ine sindikukakamizani."

Tsono muwamvetse a Eliya. Pa moyo wawo wonse sanalolepo munthu kudzuka pampando ndi mutu wotere. Anathamangirapo mnyamata mpaka kuchitsime chifukwa cha titsitsi titatu. Apa zala zinkayabwa, lumo linali lakuthwa, ntchito yake inali yokoka kamodzi kokha. Dzanja linakwera lokha mpaka pakhutu, anthu onse akuyang'ana. Linakhala pamenepo kanthawi, kenaka linatsika. Anaviika lumo m'madzi otentha, analipukuta mbali zonse, n'kulikulunga m'kansalu kake. Misozi inkagwera pa nsaluyo, ndipo sanaibise.

M'mawa mwake anapita ku tchalitchi opanda chipewa, n'kukhala kutsogolo monga mwa masiku onse. Nyimbo yoyamba anthu akumbuyo anaiimba mosokoneza. Potuluka, mphunzitsi wina wachilendo amene sankadziwa nkhaniyi anawakokera pambali mwaulemu, n'kuwanong'oneza kuti amene anawameta anaiwala pena, ndipo iye ali ndi lezala kunyumba, angathe kuwakonza msangamsanga.

A Eliya anaphimba malowo ndi chikhatho.

"Anandimeta ndi alamu anga," anatero. "Kumeta sadziwa ngakhale pang'ono. Musakhudzepo."