Kafukufuku amene ndinampezera mwana wanga

Kafukufuku uja ndinachita kumufuna ndekha, palibe amene anandinyengerera. Pa msika wa Masala, pamene ndimagulitsa tomato ndi anyezi, nkhani za zipatala zimafika msanga kuposa za pa wailesi. Pafupi ndi tebulo langa pali mayi wogulitsa tinsomba ta kapenta amene amadziwa kiliniki iliyonse ya mu Ndola imene ikufuna anthu oyeserapo mankhwala. Iye analowapo kale. Ankatiuza kuti ukalowa amakupima thupi lonse kwaulere, ukamadikira amakupatsa tiyi ndi buledi, ndipo pobwerera amakupatsa ya transipoti yoti imatsalako ndithu. Anzathu ankamuseka kuti akugulitsa magazi kwa Satana. Iye ankangoyankha m'Chibemba kuti Satana wa masiku ano ndi waulemu, amayamba wakufunsa ngati wadya.

Nthawi imeneyo zinthu zinali zitathina. Mwana wanga wachisamba anakwatiwa ku Ndeke, ku Kitwe, ndi mnyamata wofatsa amene ankagwira ntchito kwa kontrakita wa ku mgodi. Ukwati usanakwanitse zaka ziwiri kontrakiti inatha, lendi inawalaka, ndipo anasamukira m'kakabini kuseri kwa nyumba ya amake a mnyamatayo. Ine ndikamva mawu a mwana wanga pa foni ndinkadziwa kuti wagona ndi tiyi.

Poyamba ndinapita ndekha, ndikuganiza kuti ndikalowa ine, kangachepeko ndizimutumizira. Mayi wa kapenta anandilondolera ku kiliniki ina kumene ankayesa katemera watsopano. Nesi wa kumeneko anandilandira bwino, anandipima, kenako anaseka nkunena kuti zaka zanga zapitirira, komanso magazi anga akuthamanga kwambiri. Ananditumiza kwa dokotala wa mbali ina, ndipo mapiritsi amene ndimamwa mpaka lero anayambira pamenepo. Anthu aja ndimawathokoza, sanandilakwire kanthu. Ndikutuluka pa geti ndinaona atsikana a msinkhu wa mwana wanga atakhala pa benchi, ndipo ndisanakwere nkomwe minibasi ndinali nditamuimbira.

Anabwera. M'chipinda mmene ankawafotokozera sindinalowemo, anati munthu wamkulu amamva yekha ndi kusankha yekha. Anakhalamo nthawi yaitali, anatuluka nkunena kuti akafunse kaye amuna ake. Sabata yotsatira anabweranso atavomera. Ku mphakati, kumene timakumana Akhristu a dera lathu, Lamlungu limenelo ndinapereka pemphero lothokoza, ndinangoti Mulungu watsegula khomo kwa mwana wanga, sindinatchule khomo lake.

Masiku a kiliniki ankadutsira kwathu asanabwerere ku Kitwe. Anayamba kuoneka bwino, masaya anabwerera. Tsiku lina, tikusankha tomato woola pakhonde, ndinamuseka kuti kunenepaku mwina kuli ndi nkhani yake. Iye sanaseke.

"Amama, simunadziwe? Wapakati salowa. Ulendo uliwonse amatipima mimba. Ndili pa jekeseni yolera mpaka zonse zithe."

Ndinafunsa ngati amuna ake akudziwa. Anati akudziwa, anagwirizana awiriwiri, ndi chaka chimodzi chabe, komanso mwana angabadwire m'kabini mopanda chakudya? Anatinso a ku kiliniki anamuuza kuti ali ndi ufulu kusiya tsiku lililonse, palibe amene angamukalipire.

Ine ndinakulira m'tchalitchi, ndimavala chitenje cha bungwe la amayi, ndikudziwa zimene timaphunzitsidwa pa nkhani ya kulera. Pakamwa panga panali mawu akuti siya, mwananga. Koma pa mpando panali shuga ndi sopo zimene anali atangondigulira, ndipo ndinali nditaona nkhope yake ikuwala koyamba chichokere ntchito ya mwamuna wake. Ndinapitiriza kusankha tomato.

Amake a mwamuna wa mwana wanga, asebele anga, ndi mayi wamasiye, wa kwathu komwe ku Katete. Tinakondana kuyambira tsiku la chinkhoswe. Ndi munthu wa mawu aakulu ndi mtima wofewa, amaimba kwaya, ndipo mnyamatayo ndiye mwana wawo yekhayo wamwamuna. Tikakumana tinkalankhula Chinyanja cha kumudzi mpaka ana kumatiseka. Iwo ankaganiza kuti mwana wanga amabwera ku Ndola kudzandithandiza pa msika, ndipo ufa umene unkalowa m'nyumba ankati ndi wa maganyu a mwana wawo.

Ndiwo anandiimbira kuti zaka zikupita, mtsikana sakuonetsa kanthu, anthu a m'komboni ayamba kufunsa. Sanalankhule mwachipongwe. Anati ife amayi awiri tigwirizane, tichite novena, pemphero la masiku asanu ndi anayi lopempha mphatso ya mwana, iwo ku Kitwe ine ku Ndola, pa foni, ikakwana fifitini, 3 koloko masana, tsiku lililonse. Za mayunitsi ndisadandaule, agula okha. Tsiku lotsiriza ndipite tikatsekere limodzi.

Ndinavomera. Munthu angafunse kuti bwanji sindinanene pomwepo. Kwathu mayi satsegula pakamwa pa za kuchipinda kwa mwana wake. Zimenezo zimadzera kwa alangizi amene anamuphunzitsa za m'banja, ndipo alangizi a mwana wanga anali atabwerera kumudzi. Apongozi angawo, mwamuna wa mwana wanga, sindidya nawo pamodzi, sindiwayang'ana m'maso, nanga ndikanayamba bwanji kuwafunsa za jekeseni? Mwana wanganso anandichonderera kuti ndikhale chete. Anati amuna ake sangapirire amawo atadziwa kuti nyumba ikudya za pa mkono wa mkazi. Zifukwa ndinali nazo zokwanira, ndipo zonse zinali zoona. Koma ndikudziwanso kuti ndinkaopa kutchedwa mayi amene anatengera mwana wake kokalera.

Choncho ikakwana fifitini, mayi wa kapenta ankandiyang'anira tebulo, ine nkupita kuseri kwa mashopu kumene phokoso la makondakitala limachepako. Ndinkayala chitenje pa simenti, foni kukhutu, kolona m'manja. Asebele ankayamba ndi nyimbo, mawu awo akudukaduka ndi netiweki. Kenako ankatchula chopempha, kuti Ambuye atsegule mimba ya mwana wathu. Ankati mwana wathu, osati mpongozi wanga. Ine ndinkayankha Amen. Mumtima ndinkawonjezera kuti pa nthawi yake, Ambuye, chaka chamawa, ngati kuti Mulungu ndingamuuze zina kumbali asebele osamva. Sindinayambe ndapempherapo ndi lilime lolemera chotero. Ndikabwerera ku tebulo makasitomala ankandifunsa ngati ndikudwala.

Novena ili pakati, titatha pemphero, asebele sanadule foni. Anatsitsa mawu nkundiuza kuti alamu awo, mlongo wa malemu amuna awo, abwera ndi mawu ochokera kubanja. Akuti dzina la malemu lisafe. Akuti pali mtsikana wina ku komboni ina amene ali kale ndi mwana mmodzi, zaoneka kuti amabereka, ndipo makolo ake sangavute. Asebele anati iwo sakufuna zimenezo, ndi Mkhristu, koma akulimbana okha ndi banja lonse. Anawapempha kuti adikire novena ithe. Kenako analira, nkunena kuti asebele, tilimbike, Mulungu satichititsa manyazi.

Madzulo ndinaimbira mwana wanga. Zonse ankazidziwa kale, makoma a kabini ndi opyapyala. Anati azakhali a amuna ake aja akabwera samupatsanso moni, amangomuyang'ana pamimba. Ndinafunsa kuti nanga amuna ako akuti chiyani. Anati akangomva nkhaniyo amatuluka, amati zitha zokha. Ndinamuuza kuti asiye kafukufuku. Anandifunsa kuti akasiya lero mimba ibwera mawa? Nanga adya chiyani podikira? Anatinso iye analonjeza anthu aja ndi mtima wake wonse ndipo akufuna kumaliza. Njira imeneyi ndinamuonetsa ndine.

Tsiku lotsekera ndinakwera minibasi m'mawa. Msewu wonse wa ku Kitwe ndinkakonza mawu, ndikafika pakati nkuwataya. Ndinaganiza zopita kaye kwa ansembe, ndinaganiza zofuna mayi wina wamkulu kuti akandinenere, koma azakhali aja anali oti abwera mawa lake kudzamva yankho.

Asebele anali atakonza m'nyumba ngati kukubwera bishopu. Pa tebulo anayala nsalu yoyera, kandulo, chithunzi cha Amayi Maria, ndi madzi odalitsidwa m'botolo la sobo. Mwana wanga anali panja akuchapa, amuna ake kunalibe. Asebele anagwada movutikira, maondo awo ndi otupa, nkundikodola kuti ndigwade pambali pawo. Ine ndinakhala pansi chotambalala.

"Asebele, musayatse kandulo. Ndili ndi mawu osayenera kutuluka pakamwa panga, koma palibe wina woti anene."

Ndinawauza zonse, kuyambira kwa mayi wa kapenta. Ndinawauza kuti mwana alibe vuto lililonse, kuti ali pa jekeseni chifukwa cha kafukufuku, kuti awiriwo anagwirizana, kuti wopeza kafukufukuyo ndine. Ndinalankhula ndikuyang'ana pa simenti.

Anakhalabe chigwadire. Panja ndinkamva mwana wanga akufinya zovala. Kenako anafunsa ngati ufa umene akhala akudya miyezi yonseyi ndi umenewo. Ndinati inde. Anafunsa ngati mwana wawo ankadziwa pamene azakhali ake ankalankhula za mkazi wina, iye ali pomwepo. Ndinati inde. Anagwira tebulo nkudzuka pang'onopang'ono, ndinafuna kuwathandiza koma anachotsa dzanja langa.

"Za anawo ndamva, ndi ana. Koma inu, asebele? Masiku onsewa ine ndikulira pamaso pa Mulungu, inu mukuyankha Amen?"

Anapinda nsalu yoyera ija bwinobwino, anabweza chithunzi pakhoma. Sanandithamangitse, anandiphikira tiyi monga mwa ulemu, ndipo ndinamwa ndekha iwo ali kuchipinda. Potuluka ndinadutsa pamene mwana wanga ankachapa. Anali atamva. Anangoti amama, mwandiphera nyumba, nkupitiriza kuchapa.

Zimene zinachitika pambuyo pake ndinazimva pang'onopang'ono, zambiri kwa mng'ono wake wa mwana wangayo, chifukwa iye mwini anakhala nthawi osandiimbira. Akuti madzulo ake asebele anaitana mwana wawo m'nyumba nkutseka chitseko, ndipo mawu awo anamveka mpaka pa msewu. Mnyamatayo anachoka, anakagona kwa mnzake masiku angapo. Masiku amenewo sindinagulitse bwino, ndinkangoyang'ana foni. Ndinapita kukalapa, ansembe anandimvetsera nthawi yaitali, anandipatsa chilango chochepa kwambiri moti ndinatuluka mtima uli wolemerabe. Mnyamatayo anabwerera. Chibwerere sanapondenso pakhomo panga, ndipo ine sindimuimba mlandu, ndinamuvula pamaso pa amake. Mwana wanga anapitiriza kafukufuku wake. Tsopano amandiimbira, mwachidule, kundifunsa ngati ndamwa mapiritsi.

Asebele ndinakumana nawonso patapita miyezi, ku Kitwe, pa maliro a mkulu wina wa kwathu. Nyumba inali yodzaza, amayi atakhala mothinana pansi. Ndinaima pakhomo ndikusowa pokhala. Ndinawaona pakona, nawonso anandiona. Anayang'ana kumbali kaye, kenako anasuntha miyendo yawo yotupa ija nkundisiyira malo. Tinaimba nyimbo ziwiri osalankhulana. Kwaya itapuma, anandiuza chapansipansi kuti iwo anawabweza azakhali aja, nkuwauza kuti m'nyumba mwawo mkazi ndi mmodzi, amene anawadyetsa pa njala, ndipo nkhaniyo isadzabwerenso. Ndinagwira dzanja lawo, misozi inangotuluka, ndinati zikomo asebele, Mulungu akudalitseni. Dzanja sanalichotse.

Ndinalimba mtima nkufunsa ngati tingadzamalize tsiku linatsala lija, ngakhale pa foni.

"Ndinamaliza ndekha," anatero. "Mwana ndi wathu, ameneyo musade nkhawa. Koma za mapemphero, aliyense azipemphera kwake."

Kwaya inayambanso, iwo analowa m'nyimbo ndi mawu awo aakulu aja. Ine ndinatsatira chapansi.