Apongozi Awiri m'Galimoto Imodzi

Phu, phu, phu. Kunali kuomba m'manja kwa munthu wachikulire, manja atawapinda ngati chikho, kuomba kosamveka patali. Ndinakumva pakhomo la ofesi yathu ku Fremantle, kuno ku Australia, ndipo ndinadzuka pampando ndisanaganize n'komwe. Abwana anga anayang'ana kudenga, kuyesa kuti m'paipi mwalowa china chake. Ndikakumbukira ntchito yanga yoyamba, chimayamba kundifika m'makutu ndi kuomba kumeneko.

Ntchitoyo ndinaipeza kudzera kwa mayi wina wa kutchalitchi kwathu ku Balga, amene ankasamalira nkhalamba ina kunyumba kwake. Mwana wa nkhalambayo, dzina lake Debbie, anali ndi kaofesi kokonzera anthu maulendo okaona nyama ku Africa, ndipo ankafuna womuthandiza. Ine n'kuti ndili pasukulu, ndalama ya lendi ikundivuta, ndisanalembedwepo ntchito kulikonse. Pondifunsa mafunso, Debbie anati, "Unayamba waonapo mkango?" Ndinati ayi, kwathu ku Mchinji ndinaonako fisi basi, nayenso akuthawa. Anaseka, n'kunena kuti bola sindinama. Anandilemba mongoyesa, n'kundiuza kuti ndizimuitana Debbie basi, popanda "mayi". Lilime langa linatenga nthawi kuti livomere.

Ntchito yanga inali kuyala ndondomeko ya ulendo. Kasitomala akasankha malo, ndinkalemba tsiku lililonse pakompyuta: adzuka nthawi yanji, galimoto imutenga pati, adyera kuti, agona hotela iti. Ndikamaliza ndinkatumiza imelo kwa anzathu a ku Arusha, ku Tanzania, amene anali ndi magalimoto ndi madalaivala, kuti asungitse malo ndi kugula ziphaso zolowera. Iwo akamatsegula ofesi, ife n'kuti tadya kale nkhomaliro, choncho zonse zinkachitika masana, mothamanga.

Tsiku lovuta kuliyala linali la ku Ngorongoro. Kumeneko kunali phiri lalikulu limene linaphulika kalekale n'kutitimira, n'kusiya chigwa chozungulira ngati mbale, chodzaza nyumbu, mbidzi, njati, mikango ndi zipembere. Alendo amagona m'mahotela a pamwamba, m'mphepete mwa mbaleyo, n'kutsika m'mamawa kukadali chisanu. Sindinapondeko, koma mapu a pakhoma ndinawaloweza: msewu wotsikira, msewu wokwerera, dziwe la mvuu. Malamulo a kumeneko ndi ouma. Galimoto iliyonse yotsika imalipiridwa payokha. Munthu saloledwa kutuluka m'galimoto kupatula pamalo ochepa oikika, ndipo zimbudzi zili pomwepo basi. Ngakhale pamalo odyera, madalaivala amauza alendo kuti adyere m'galimoto, chifukwa mphamba za kumeneko zimatsomphola chakudya m'manja. Ndiye kuti kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, anthu amakhala m'bokosi limodzi, mawondo atagundana.

Amene anaomba m'manja tsiku lija anali agogo NaNkhoma. Anabwera ndi mwana wawo, Mayi Kamwendo, namwino wa ku Joondalup, ndi mkamwini wawo, Bambo Kamwendo, amenenso ankagwira ntchito ya zachipatala. Agogowo anali atakhalitsa kuno akulera zidzukulu ziwiri. Viza yawo inali pafupi kutha, ndipo banjalo linaganiza zowaperekeza kumudzi kudzera ku Tanzania kuti akaone nyama, ngati kuwathokoza. Anthu asanu, galimoto imodzi. Debbie anati iyi ndi yophweka, ndiigwire ndekha.

Ine ndinaleredwa ndi agogo anga, makolo atamwalira, ndipo m'nyumba mwawo ndinazolowera kuyang'ana kuposa kulankhula. Ndinaona kuti Bambo Kamwendo atakhala patebulo, agogo anakoka mpando wawo n'kukakhala kuseri kwa shelefu ya mabuku a zithunzi. Debbie anabweretsa tiyi ndi mabisiketi. Onse anamwa, agogo ayi. Kenako Bambo Kamwendo anatuluka kukayankha foni, mkazi wawo ali kalikiliki kusankha mahotela ndi Debbie. Pamenepo agogo anagugudiza tiyi wozizirayo, n'kundikodola.

"Mwanawe, m'chigwamo munthu akafuna kupatuka amatani?"

"Amauza dalaivala, agogo, ndiye amapita naye pamene pali chimbudzi."

"Kumuuza onse akumva?"

"Eya, poti galimoto yake ndi imodzi."

Anasisita chitenje pabondo. "Ine mankhwala a BP aja amandipititsa panja pafupipafupi. Basi, ndidzatsala kuhotela, ndizidzasunga zikwama. Koma za mankhwalazi usakauze munthu."

Ndinadziwa chimene ankanena. Kwathu mpongozi ndi mkamwini sadyera pamodzi, sakhala moyandikana, ndipo za kuchimbudzi wina sangatchule mnzake akumva. Agogo anga anayendapo pagalimoto ya mkamwini wawo kuchoka ku Mchinji mpaka ku Blantyre osapempha kuti iime. Pofika anatsika pomalizira, atadzikulunga chitenje chachiwiri, ndipo mpando wonyowawo ndinapukuta ndine wina asanaone. Sanatchulepo nkhaniyo mpaka imfa yawo.

Choncho tsiku la m'chigwa ndinaliyala mwanjira ina. Agogo, mwana wawo ndi zidzukulu akwere galimoto yawoyawo. Bambo Kamwendo atenge mpando umodzi m'galimoto ya gulu, momwe mumakwera alendo osadziwana, ndipo magalimoto awiriwo azitsatana. Mtengo unakwerako, koma osati ngati kubwereka galimoto yachiwiri yathunthu. Ndinatumiza ndondomekoyo kwa banjalo ndi mawu ochepa oti ndaona kuti zingakhale bwino chonchi. Chifukwa chake sindinalembe.

A ku Arusha anatiuza kuti pofika Lachisanu tikhale titatsimikiza, apo ayi galimotoyo apereka kwa ena. Lachisanu lomwelo m'mawa Bambo Kamwendo analowa mu ofesi ali ndi yunifolomu ya kuntchito, foni ili m'manja, ndondomeko yanga ikuwala pagalasi.

"Lonjezo uja ndiwe eti? Ulendo ndikulipira ine, ndiye iwe ukundichotsa m'galimoto yanga kukandikhazika ndi azungu oti sindikuwadziwa?"

"Khalani pansi, bambo, ndifotokoze."

"Ndakhala kale m'sitima. Fotokoza ndili chilili."

"Agogo akuti adzatsala kuhotela."

"Ndamva. Akuopa mikango. Imeneyo ndi nkhani ya ine ndi mkazi wanga, tiwanyengerera."

"Sakuopa mikango, bambo."

"Nanga akuopa chiyani? Popeza iwe ukuwadziwa kuposa ife amene tikukhala nawo."

Mawu anali pamlomo, koma sanali anga. Ndinawameza n'kufunsa china. "Chibwerereni agogo kuno, munawaonapo akudya?"

"Amadya bwinobwino. Firiji imakhala yodzaza."

"Inuyo ndi maso anu, munawaonapo?"

Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu. "Wabwera liti kuno iwe? Fumbi la kumudzi likadali m'makutu. Kuno ndi ku Australia, mphwanga, zothawana kuseri kwa nkhokwe tinazisiya pabwalo la ndege. Ine apongozi ndimawatenga pagalimoto kupita nawo kutchalitchi, kumsika, konsekonse."

"Amenewo ndi maulendo aafupi. Ili ndi tsiku lathunthu, ndipo zitseko sizitsegulidwa."

Anatembenukira kwa Debbie n'kumuuza m'Chingerezi kuti maofesi okonza maulendo ndi ambiri mu Perth muno, ndipo iwo sanabwere kudzaphunzitsidwa mwambo ndi mwana wasukulu. Anatuluka, chitseko n'kuchisiya chotsegula.

Debbie sanakalipe. Anatseka chitseko, n'kukhala pakona ya tebulo langa, n'kundifunsa kuti kwachitika chiyani, popeza Chichewa chathu sanamvepo kanthu. Ndinamufotokozera za apongozi, za kudya ndi za kukhala moyandikana. Za mankhwala ndinasiya. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti agogowo akuwamvera chisoni.

"Koma wolipira ndiye amasankha," anatero. "Ife sitilowerera za m'mabanja a anthu. Tumiza ya galimoto imodzi, ine ndimuimbira ndimupepese."

Sanalakwe kwenikweni. Ofesi inali yake, ndipo kasitomala mmodzi wokwiya amauza anzake khumi. Koma ine ndinkaona chimene chidzachitike. Banjalo lidzatsika m'chigwa, ana azidzajambula mikango, ndipo munthu amene ulendowo unakonzedwera adzakhala pabedi la kuhotela akuyang'ana zikwama. Kapena adzamunyengerera, adzakwera, n'kudzatsika pomalizira.

"Sinditumiza," ndinatero. Ndinali ndisanakanizepo munthu wamkulu pamaso. "Kompyuta ndi yanu, mutha kutumiza nokha. Koma dzina langa mulichotsepo."

"Ukudziwa kuti ukadali poyesedwa?"

"Ndikudziwa."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Sinditumiza kanthu ndisanalankhule naye. Ndidikira mpaka nthawi yotseka. Koma kasitomala ameneyu akatithawa, nawenso upita naye."

Masana amenewo anatalika. Debbie anawaimbira Bambo Kamwendo, foni inangoitana osayankhidwa. A ku Arusha atatsegula ofesi anatumiza imelo yofunsa kuti galimoto imodzi kapena ziwiri. Ndinayankha kuti adikire. Anafunsanso, ndinayankhanso chomwecho. Ndinkadziwa njira yachidule. Ndikanawaimbira Mayi Kamwendo n'kutchula mankhwala aja, iwo monga namwino akanamva pomwepo, ndipo nkhani ikanathera patebulo la kunyumba kwawo. Ndinaigwira foni, nambala ndinaipeza. Koma nkhani ya patebulo imafika kwa mkamwini, ndipo agogo akanadziwa kuti yachokera kwa ine. Ndinaibweza foniyo. Ndinayala ulendo wa anthu ena awiri opita ku Zanzibar, ndinakonza mabuku pashelefu, kenako ndinatulutsa kapu yanga ndi chaja m'dirowa n'kuziika m'chikwama, kuti akandiuza zopita ndisachedwe pamaso pake. Za lendi ndinaziganiza ndithu. Koma sindinaone kuti ndalakwa, ndipo sindinkafuna kupepesa.

Pantchito imeneyi timafunsa kasitomala ngati amadya nyama, ngati ali ndi vuto la mtima, ngati amaopa ndege zing'onozing'ono. Palibe amene amafunsa kuti m'banjamo ndani satha kumwa madzi wina akuona. Chimene ndinasunga kuchokera tsiku limenelo n'chakuti wolipira si yekha amene akukwera galimoto. Mpaka lero banja likalowa, ndimayamba ndayang'ana amene wakhala kutali ndi tebulo, ndipo tsiku ndimaliyala kuyambira pa iyeyo. Ena amakwiya nazo. Akwiye.

Debbie atayamba kutsitsa makatani, chitseko chinatseguka. Anali Bambo Kamwendo, atavula yunifolomu ija. Debbie anayamba kuwapepesa, koma iwo anangokweza dzanja n'kubwera patebulo langa. Sanakhale pansi.

"Ndinapita kunyumba masana, nthawi yoti sindimafikako," anatero motsitsa mawu. "Ndinalowa kukhitchini osagogoda. Apongozi anali akudya. Atandiona anavindikira mbale, n'kudzuka, n'kuyamba kupukuta sinki youma."



"Miyezi yonseyi, m'nyumba mwanga." Anapisa dzanja m'thumba la jekete n'kutulutsa pasipoti. "Galimoto ya gulu ija adzafuna iyi, eti?"

"Eya, bambo. Amalemba munthu aliyense payekha."

"Undipezere mpando wa pazenera, ndisakapanikizike pakati pa azungu ako aja. Ndipo apongozi ukawauze kuti galimoto inachepa. Asamve kuti ndadziwa, wamva?"

"Ndamva, bambo."

Anaika pasipotiyo m'manja mwanga, n'kugwedezera mutu Debbie, n'kutuluka kulowera kusiteshoni.