Dzira Logwira, Osati Lodya

Lolemba lapitali supavaiza wa ku hotela kwathu anatiuza kuti Lachitatu kubwera azaumoyo kudzaona momwe timagonera ku Al Mansoura, dera lomwe antchitofe timakhala kudziko la eni kuno. Timagona anayi m'chipinda chimodzi. Tinakolopa mpaka kuseri kwa furiji, ndipo mnzanga Nambewe anabisa mapoto akuda m'sutikesi. Oyenderawo analowa, ananunkhiza, anati “khalas,” kutanthauza kuti zatha, basi anatuluka.

Anzanga anaombera m'manja. Ine ndinakumbukira dzira.

Mayi atamwalira, ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, ananditenga azakhali ku Dedza. Sanali ankhanza, koma ana awo anali asanu, ine wachisanu ndi chimodzi, ndipo wachisanu ndi chimodzi amadziwa malo ake.

Azakhali ankati kale mwana wamasiye ankamuyendera ndi atsibweni ake, amene ankangomutsina tsaya kuti aone ngati muli mnofu. Kenako kunabwera masisitere a ku mishoni ndi sopo wawo. M'nthawi yanga kunali alangizi a zaumoyo, bambo wamtali wa njinga, sikelo atamangirira pakaliyala.

Vuto la bamboyu linali ulemu. Ankayamba kuliza belu ali kutsidya kwa dambo.

Belu likangolira, azakhali ankandipaka mafuta mpaka ndinkawala ngati chitumbuwa, n'kundiveka diresi la mwana wawo Esinati, n'kundipatsa dzira lowiritsa. Lamulo linali lakuti ndiligwire, lioneke, koma ndisaliswe. Alangizi ankandiyeza, kundiyang'ana m'maso ndi m'zikhadabo, n'kulemba. Akachoka, diresi linkabwerera kwa Esinati, dzira kwa amuna a azakhali.

Tsiku lina njala inaposa mantha. Ndinaliswa pabondo n'kulidya pamaso pawo. Alangizi anasangalala, anandifunsa kuti dzira ndimadya kangati.

“Ndimaligwira mukabwera,” ndinatero. “Kudya ndayamba lero.”

Azakhali anayamba kufunafuna nkhuku yomwe sinasowe.

Alangizi sanakalipe. Kungoti kuchokera pamenepo anayamba kutulukira kuseri kwa nkhokwe akukankha njinga, tsiku lililonse limene afuna. Azakhali posadziwa tsiku, anayamba kundidyetsa ndi kundisambitsa masiku onse, uku akudandaula kuti boma lasanduka afiti oyenda masana. Chaka chimenecho ndinanenepa, ndipo mphere zinatha.

Lero woyendera ndine. Mwana wanga Tadala akuleredwa ndi mng'ono wanga ku Lilongwe, ndipo ndimaimba foni ya vidiyo Lachisanu lililonse, nthawi yomweyomweyo. Nthawi zonse ndimamupeza atapesa, atakhala pampando wa alendo ngati akudikira intaviyu. Zaka ziwiri, ine osadabwa!

Lachinayi ndinaimba mwadzidzidzi. Anatulukira ali mbuu ndi fumbi, masaya atatupa ndi mbatata.

“Amama, lero si Lachisanu,” anatero. “Sindinasambe.”

Ndinaseka mpaka misozi. Ana a mng'ono wanga nawonso anali mbuu, mbatata yomweyo ili m'manja. Ndizo zokha ndinkafuna kuona.

Timakonda kunena kuti mwana wa mnzako ndi wako yemwe, ndipo mwambiwu timaunena bwino kwambiri pamaliro, pogawana ana. Tadala ali ndi mayi wa foni. Nanga mwana wamasiye uja wa nyumba yoyandikana nanu, amene mumakumana naye atasenza ndowa anzake akupita kusukulu, ndani anamufunsapo kuti wadya chiyani, omulera ali patali?